Chaka Chimene Ndinalima Bwalo la Mpikisano

Ana inu, ine si wolankhula, mukudziwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye zokometsera musayembekezere. Kope ili andigulira ndi amayi anu, ati ndilembemo moyo wanga inu mukadali kumva Chichewa. Moyo wonse sungakwane m'kope. Ndilemba za bwalo limodzi, ndi anthu amene anandichotsa manyazi pabwalo limenelo.

Iwe Yankho ndiwe wamkulu, uwerenge mokweza. Mawu akakuvuta funsa amayi ako, usafunse foni. Takondwa, ndikudziwa uyankha m'Chingerezi. Palibe mlandu, bola umve. Mwayi akagona mulekeni, adzawerenga yekha akadzakula.

Mizere yoyera imene mumathamanga pakati pake kusukulu, inu mumayesa imamera yokha ngati bowa. Pali munthu amene amaijambula. Ine ndinali munthu ameneyo, kwathu ndi kuno komwe.

Ntchito ndinayamba pa sekondale ina ku Ntcheu, ndevu zisanamere bwino. Inali ya panja: kutchetcha, kukonza mpanda, kuwaza nkhuni za kukhitchini. Mvula ikatha, udzu n'kuuma, inkafika nyengo ya mipikisano yothamanga. Masukulu a m'dera lathu anali pa mgwirizano, tinkati zoni. Sabata ino kwathu, inayo kwanu. Kukakhala kwathu, bwalo linali langa.

Zida zake zinali zitatu: zikhomo, chingwe cha khonje, ndi khasu. Ukhoma chikhomo uku, china uko, umanga chingwe, uzungulira ukulemba pansi ndi kamtengo. Ukatero utenga khasu, upala mzere, kuya kwake zala ziwiri. Pomaliza uthira laimu. Laimu akasowa, phulusa la kukhitchini. Mphepo ya Juni inkaulutsa phulusa, koma kangalande kankatsala, ana n'kumaonabe pothamanga. Mzere wanga unkakhala mpaka mvula yoyamba. Aphunzitsi a masukulu ena ankabwera ndi tepi yawo kudzandiyesa, sanandipezepo cholakwa. Mutu unandikulira pamenepo.

Kukakhala kwa anzathu tinkapita pa lole. Ana kumbuyo, oimirira, kuimba njira yonse. Ine pakona ndi chigubu cha thobwa ndi mtolo wa nzimbe. Pofika tonse tsitsi lofiira ndi fumbi, osadziwika wophunzira ndi uti, wantchito ndi uti. Mfuti yoyambitsira kunalibe, mphunzitsi ankaombanitsa matabwa awiri. Nsapato kunalibe. Wopambana ankalandira kope kapena sopo, n'kumayenda ngati wagula galimoto. Iwe Yankho uli ndi nsapato za minga, botolo la madzi lolembedwa dzina lako, ndi wotchi yowerenga kugunda kwa mtima. Komabe m'mawa kuti udzuke mpaka akukoke mwendo.

Kuno ku Leicester anayamba kubwera ndi agogo anu aakazi, Nabanda, nthawi imene manesi ambiri ankachoka kwathu. Patapita chaka tinatsatira ine ndi amayi anu, Tiyamike. M'sutikesi ndinaikamo khasu lopanda mpini, nditalikulunga m'thalauza. Nabanda atatsegula anangogwira m'chiuno.

"Abambo a Tiya, anzanu amabwera ndi ufa ndi usipa. Inu khasu? Mulima pati, pa kapeti?"

Ndinapeza kamunda ka khonsolo. Mpini ndinasema ndekha. Maungu amene mumakana kudya aja amachokera kumeneko.

Tinkakhala ku Beaumont Leys. Ntchito ndinaipeza pa sekondale ina ya kumpoto kwa tauni, yomwe amayi anu ankaphunzira. Dzina lake lisiyeni, analisintha kale pamodzi ndi yunifolomu. Ndinkasesa, kutsegula mageti, kunyamula mipando. Bwana wanga anali mzungu wachikulire, a Ron, woyang'anira pasukulupo. Munthu wa mawu ochepa ngati ine. Tinkagwirizana.

Amayi anu anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amene mukuwadziwa inuwa, olongolola kuyambira kukhitchini mpaka kugeti, kwathu analinso otero. Koma atafika kuno anangoti zii. Akayankhula Chingerezi chawo cha ku Ntcheu, anzawo ankawatsanzira. Nthawi ya chakudya ndinkawaona pazenera la sitolo ya matsache, atakhala okha kuseri kwa holo, manja m'thumba la jekete. Miyezi inatha choncho. Ine ndinalibe mawu owathandiza nawo.

Tsiku lina mphunzitsi wa masewero, a Hollis, mayi wamng'ono thupi wa mawu aakulu, anauza kalasi yonse kuzungulira bwalo. Tiya anawasiya onse, ndi anyamata omwe. A Hollis anamulowetsa m'timu ya sukulu, yopikisana mu ligi. Tsiku loyamba kuchokera ku mpikisano analowa m'nyumba akuyankhula, nsapato asanavule. Anatchula maina a anzake anayi. Nabanda anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Mwana wathu anabwerera tsiku limenelo.

Tsono ndikuuzeni za ligi imeneyi, poti iwe Yankho umathamangamo osadziwa kumene inachokera. Mbiri yake anandiuza ndi a Ron, pang'onopang'ono, tikumwa tiyi m'shedi. Maina a masukulu sindinawagwire. Ndinkapita nawo pa minibasi kukanyamula tenti ndi mabenchi, ndiye ndinkawatchula potengera zimene ndinaona kwawoko.

Anaiyambitsa ndi masukulu anayi, a Ron akadali mwana. A Tayi, ovala matayi, a mkati mwa tauni, akalekale, udzu wawo wosalala moti unkachita mantha kuuponda. A Njanji, a kufupi ndi Loughborough, kumene woyambitsa mpikisano ankayamba wadikira sitima idutse. A Belu, a mishoni. Ndi a Malasha, a kumadzulo kumene kunali migodi, bwalo lawo matope chaka chonse. Pambuyo pake analowa a Mphepo, a pachitunda, kumene tenti yathu inaulukapo kawiri. Panalinso sukulu ya anyamata ndi ina ya atsikana, za kudera la mafakitale a sokosi. Mafakitale atatsekedwa ana anachepa, anaziphatikiza n'kukhala imodzi. Amenewo ndinkawatcha a Mapasa. Ife tinalowa pomaliza, nyumba za kumpoto kuno zitamangidwa. Tinali achisanu ndi chiwiri, mwana wa chitsirizira.

Malamulo anali awiri amene ndinawamva bwino. Loyamba, pa mpikisano uliwonse sukulu iliyonse imakhala ndi kanjira kake kothamangamo. Masukulu asanu ndi awiri, tinjira tisanu ndi tiwiri. Lachiwiri, sukulu iliyonse ilandire anzake pabwalo lake kamodzi pa chaka. Yolephera zaka zitatu zotsatizana imatuluka.

Ife tinali titalephera kawiri. Chaka choyamba a zamadzi anakumba bwalo kuika mapaipi. Chachiwiri a Ron anagonekedwa m'chipatala ndi msana, panalibe wojambula. Chachitatu ndi chimene ndikunenachi. A Ron anali atapuma ntchito. Ndipo kupitirira Loughborough kunali sukulu yatsopano, ya bwalo la labala, imene inkadikira pakhomo kuti wina atuluke iyo ilowe. Ife tikanatuluka, Tiya akanabwerera kuseri kwa holo. Ine ndinkaziona choncho.

Kumapeto kwa Meyi kuno kumakhala holide ya sabata imodzi. Tsiku lotsekera a Hollis anandipeza ndikukokera mipando.

"A Mbewe, ndamva kuti kwanu munkajambula bwalo. Mungathe?"

"Ndingathe."

"Makina a penti ali m'shedi. Mukudziwa kagwiritsidwe kake?"

"Ndingathe," ndinabwereza.

Makinawo ndinakawaona. Kangolo ka mawilo atatu, kathanki pamwamba, penti wakale ataumira m'kapaipi. Ndinakankha, osatuluka kanthu. A Ron ankakhala pafupi, basi imodzi yokha. Sindinapite. Kufunsa kunkandivuta, ana inu, mpaka lero kumandivuta. Ndinadziuza kuti penti wa pa udzu n'chiyani? Udzu ukula, atchetcha, mzere wapita. Azunguwa sanaonepo mzere wokhalitsa. Ndiwaonetsa.

Lolemba m'mamawa ndinakwera basi ndi khasu langa, nditalikulunga m'saka. Pasukulu panalibe munthu wondiletsa. Dzuwa linawala sabata yonse. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, ndinayeza kawiri. Tinjira tisanu ndi tiwiri timafuna mizere isanu ndi itatu. Ndinapala yonse, kuzungulira bwalo, zala ziwiri kuya kwake. Udzu wa kuno ndi wolukana ngati mphasa, unandiphulitsa matuza. Lachisanu madzulo ndinaima pa masitepe a holo n'kuyang'ana. Ntchito yokongola chotero sindinaigwirepo. Ndinati laimu ndidzathira Lolemba.

Loweruka inagwa mvula. Lamulungu inagwa mvula.

Chimene sindinaganize n'chakuti kwathu timathamanga m'chilimwe, mvula itapita kukapuma miyezi isanu. Kuno ilibe nyengo, imabwera ikafuna. Ndipo pansi pa udzu uja panali dongo, losamwa madzi. Lolemba nditafika ndinapeza ngalande zisanu ndi zitatu, zodzaza, zonyezimira, zozungulira bwino kwambiri. Mbalame zinali kusambamo.

A Hollis anaima m'mbali mwanga, dzanja pakamwa. Ahedi anabwera akuthamanga, tayi paphewa.

"A Mbewe, mwachita chiyani?"

"Mizere, bwana."

"Ndi chiyani?"

"Ndi khasu."

Sanadziwe kuti khasu n'chiyani mpaka nditawaonetsa. Analiyang'ana ngati ndawaonetsa njoka. Ana anadzaza m'mazenera, kuseka kunamveka mpaka kumsewu. Mpikisano unali Lachitatu la sabata yotsatira. Mlembi wa ligi amabwera Lolemba lake kudzayendera bwalo. Tinatsala ndi masiku asanu ndi awiri.

Madzulo Tiya sanadye. Anzake anali atamutcha mwana wa mlimi, koma si zimene zinamuwawa.

"Ababa, bwanji simunafunse? A Ron ali pompa. Bwanji simunangofunsa?"

Ndadzudzulidwapo ndi mabwana ambiri pa moyo wanga, akuda ndi oyera. Palibe amene anandilasa ngati mwana ameneyo.

Nabanda anamva zonse akuvula nsapato za kuntchito. Ndinadikira mkuntho. Anangoti, "Mwamaliza kulima, tsono tikolola chiyani?" Kenako anatenga foni. Agogo anu akagwira foni, boma limachepa. Anaimbira a kutchalitchi, a kuchipatala, a m'nyumba zosamalira okalamba. Anandiuzanso kuti ndikwere basi ndikagogode kwa a Ron. Ndinapita. Ndinafotokoza ndili chiimire pakhomo. A Ron anaseka mpaka kugwira msana wawo wodwala uja.

Loweruka m'mawa anthu anafika. Manesi ena anachokera ku shifiti ya usiku osapita kunyumba, maso ofiira, chitenje pamwamba pa yunifolomu. Ophunzira a kwathu a ku yunivesite ya ku Loughborough anabwera pa sitima, ena a iwo khasu anali asanaligwirepo chibadwire. Ndiye kunabwera a Tembo, mnzanga wa ku Zambia wokhala ku Normanton, ku Derby, ndi vani yodzaza mchenga. Anatsika, anayang'ana bwalo, anavula chipewa.

"Ba Mbewe, imwe! Boma yakupasani munda ukulu so, osatiuzako? Manje mbeu ili kuti?"

"Tsitsani mchenga, a Tembo."

"Nizasitsa, mudala. Koma milisi yoyamba ni yanga." Milisi kwawoko ndi chimanga.

Madzi tinakapa ndi makapu a pulasitiki ndi masiponji a kukhitchini ya sukulu. Tikakapa, kuthira mchenga wosakaniza ndi dothi, kenako kuponda. Azimayi anaima pamzere n'kumaponda ndi zidendene ngati akuponda dothi la njerwa, wina n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya. Azungu oyendetsa agalu anaima pampanda kuonerera. A Hollis anaponda nawo, nyimbo osaidziwa, koma phazi linkagwa pa nthawi yake. Amayi anu anakankha wilibala tsiku lonse osandiyankhula.

A Ron anabwera ndi ndodo yawo, tinawaikira mpando pakati pa bwalo. Anaitanitsa madzi otentha ndi kawaya. Mphindi zochepa makina aja anayamba kulavula penti. Sabata yonse ya matuza, chonsecho nkhani inali ya ketulo imodzi.

"Zaka zonsezi ndinkawauza kuti bwaloli likufuna ngalande," anatero a Ron. "Koma sindinanene zisanu ndi zitatu."

Anandiphunzitsa kukankha: osathamanga, osaima, maso kutsogolo osati pa wilo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinajambula mizere yonse pamwamba pa mchenga. Inaoneka bwino. Koma kumunsi kwa bwalo, kufupi ndi mpanda wa mitengo, madzi onse ankathera kumeneko. Kanjira ka kunja, ka chisanu ndi chiwiri, kanali kofewa mapazi ngati makumi atatu. Tinathira mchenga wonse wotsala. Kanakana kuuma.

Lolemba anafika mlembi wa ligi, a Desai, mmwenye wachikulire amene kale ankaphunzitsa masamu. Anabwera ndi kawilo koyezera mtunda. Mwa lamulo anabweranso aphunzitsi awiri a masukulu ena ngati mboni: bambo wamtali wa kwa a Tayi, ndi mayi wojintcha wa tsitsi lalifupi wa kwa a Malasha, a Bostock. Ine ndinaima patali, pafupi ndi shedi.

A Desai anazungulira ndi kawilo kawo. Anazunguliranso kachiwiri. Anawerama, anakanda penti ndi chala, anaona mchenga, anaona m'mphepete mmene khasu linadula udzu. Anafunsa a Hollis kuti anayeza ndani. A Hollis anandiloza. Mkuluyo anabwera pamene ndinaima, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, ndiye anatsegula pakamwa.

"Madala, khasu munalitenga kuti?"

M'Chichewa, ana inu. Chichewa cha m'sitolo, koma Chichewa.

"Ndinabwera nalo, bambo."

"Kwanu?"

"Ku Ntcheu."

"Ine ku Limbe. Bambo anga anali ndi sitolo ya nsalu. Ndathamangapo pa mizere ya phulusa ine, wopanda nsapato, kuopa kusekedwa ndi anzanga." Anagwedeza kawilo kaja. "Muyeso wanu ndi wabwino. Ndayeza mabwalo onse a ligi ino, lanu lokha ndi limene silinandinamize. Munayeza ndi chiyani?"

"Chingwe."

Anaseka pang'ono. Koma anapitiriza.

"Chibale n'chibale, madala, lamulo n'lamulo. Tiyeni kumunsi kuja."

Tinapita tonse. A Desai anaponda ndi chidendene m'kanjira ka chisanu ndi chiwiri. Nsapato inalowa, potuluka inalira. Anabwerera ku Chingerezi kuti onse amve. Tinjira tisanu ndi kamodzi tili bwino, anatero. Aka ayi. Ligi ili ndi masukulu asanu ndi awiri.

Bambo wa kwa a Tayi anati lamulo likuonekeratu, ndipo mwana akhoza kuthyoka mwendo pamenepo. Musamuyese woipa. Ankanena zoona. Akanakhala mwana wanga ndikanatero inenso. A Hollis anayang'ana kumbali. Ine ndinayang'ana nsapato ya a Desai. Ndinati basi, ndamutulutsa mwana wanga mu ligi ndi manja angawa.

Pamenepo a Bostock anabwera kutsogolo. Anapatsira a Hollis chikwama chawo kuti awagwirire. Anabwerera m'mbuyo, n'kuthamanga kudutsa pofewa paja, mayi wamkulu thupi, matope kuthovukira uku ndi uku. Anatembenuka, anadutsanso. Anabwera akupuma mwamphamvu.

"Ana anga amathamanga pa zoposa izi tsiku lililonse," anatero. "Kanjira aka musachitire maere. Tipatseni ife, mipikisano yonse ya tsikulo."

Bambo wa kwa a Tayi anati, "Mukudziwa kuti mutaya mapointi? N'kakunja, n'kofewanso."

"Ndikudziwa kuwerenga," anayankha a Bostock. "Migodi itatsekedwa kwathu, mabanja anasamuka, tinatsala ndi ana osakwana timu. Tinkabwera ndi theka la minibasi. Ligi ino inatidikira, sinatitulutse. Ndinali mwana wa sukulu nthawi imeneyo, ndinali m'minibasimo."

A Desai anatulutsa kabuku ka malamulo, anatsegula, anawerenga ndi chala. Anati lamulo likunena kuti kanjira kakhale kovomerezeka kwa sukulu yothamangamo. Ngati eni ake avomera, iwo sangakane. Koma anaika mawu awo pamwamba: mwana mmodzi yekha akagwa chifukwa cha nthaka imeneyi, alemba kuti mpikisano walephereka, ndipo chikhala chaka chachitatu. Kenako ananditembenukira, m'Chichewa.

"Mwamva, madala? Mupemphere dzuwa."

Dzuwa silinabwere, koma mvula sinabwerenso. Lachitatu kunali mitambo basi. Maminibasi asanu ndi imodzi analowa pageti limene ndinatsegula ndekha. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu sukulu yathu inalandira alendo. Nabanda anasinthana shifiti ndi mnzake, anabwera ndi mandasi m'beseni, ana a kwa a Tayi n'kumalimbirana. A Ron anakhala pampando wawo pafupi ndi pomalizira.

Ine sindinaone zambiri. Ndinaima kumunsi kuja tsiku lonse ndi ndowa ya mchenga ndi reki. Mpikisano ukadutsa, ndilowa, ndifafaniza mapazi, ndithira, ndiponda, ndituluka. Ana a kwa a Malasha ankafika pamenepo, liwiro n'kuchepa ngati wina wawagwira malaya kumbuyo. Anzawo a m'tinjira touma n'kuwapitirira. Palibe amene anadandaula. Mnyamata wina podutsa anachita kundikwezera chala chachikulu.

Masana unafika mpikisano wa amayi anu, wozungulira bwalo kamodzi. Tiya anali m'kanjira kachitatu. M'kanjira ka chisanu ndi chiwiri munali kamtsikana kochepa thupi, ka tsitsi lofiira, kovala magalasi omangirira ndi lamba kumutu. Mfuti inalira. Pofika nthawi imeneyo pofewa paja panali patapondedwa tsiku lonse, mchenga wanga utatha mphamvu.

Kamtsikana kanafika mwaliwiro, sikanachepetse ngati anzake. Phazi lamanja linalowa, linatsetsereka. Thupi linapendekera kutsogolo, manja m'mwamba. Ndinaona a Desai patsidya atakweza mutu. Kanaponya phazi lina, kenako lina, ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Dzanja linatsala pang'ono kukhudza pansi. Silinakhudze. Kanadzuka, kanakankha magalasi ndi chala, kanapitirira.

Amati amayi anu anamaliza achiwiri tsiku limenelo. Amati Nabanda analulutira mpaka ahedi kudzidzimuka. Ine sindinaone, sindinamve. Maso anga anali pa mapazi a mwana wa eni. Anamaliza wotsiriza, matope mpaka m'mawondo.

Itatha mipikisano yonse a Desai anawerenga zotsatira. A Malasha, amene nthawi zambiri ankakhala pakati, tsiku limenelo anali pansi penipeni. Kenako anawerenga masukulu a chaka chamawa. Dzina lathu linalimo, lachisanu ndi chiwiri, pamalo pake.

Ndinapita kwa a Bostock akukweza ana m'minibasi. Ndinali nditakonza mawu a Chingerezi tsiku lonse. Nditafika mawuwo anathawa onse. Ndinavula chipewa, ndinaomba m'manja mwa kwathu, ndinati zikomo. Anandigwira dzanja, la mchenga lomwelo.

"Chaka chamawa makina, a Mbewe," anatero.

Chaka chotsatira ndinajambula ndi makina, ndi zaka zonse mpaka nditapuma. Amayi anu anathamanga mu ligi mpaka kumaliza sukulu. Anzawo anayi aja, awiri ndi amene mumawatcha anti lero. Sukulu ya bwalo la labala inadzalowa pambuyo pake, popanda wotuluka, anangoonjezera kanjira. A Belu anadzachoka okha, kupita ku ligi ya masukulu a mishoni. Masiku ano mipikisano yambiri mumachitira pa labala, mizere yake sifuna munthu. Zili bwino. Mawondo anga sakanathanso.

A Ron anatisiya. A Desai anatisiyanso, ndinakapepesa maliro, ana awo anadabwa kuona mkulu wachikuda akulira pakhomo. A Bostock ndinamva kuti anasamukira kunyanja. A Tembo alipo, mpaka lero akandiona amafunsa za chimanga chawo.

Kamtsikana ka magalasi kaja dzina lake sindinalifunse. Ndi cholakwa changa chachiwiri chaka chimenecho. Pano ndi mayi wa msinkhu wa amayi anu, mwina ali ndi ana akeake, mwina amathamanga nawe iwe Yankho. Sadziwa kuti kuli nkhalamba ku Beaumont Leys imene imamukumbukira.

Ndiye mukakumana ndi ana a kwa a Malasha pabwalo, oyamba kupereka moni mukhale inu. Mukawapitirira, apitirireni, mpikisano ndi mpikisano. Koma moni muyambe ndinu.